Nzeru Ndi Moto Wopalana

Kale, machesi asanafale m'midzi mwathu, moto udali chinthu chopalana. Mayi akadzuka mbandakucha n'kupeza kuti pamafuwa pazizira, ankatuma mwana ndi phale kuti akapale moto kunyumba kumene kunkafuka utsi. Wopala sankalipira, ndipo wopalitsa sankakaniza, pakuti kupereka khala limodzi sikunkachepetsa moto wake. Koma pamwambo umenewu pali chinthu china chimene ambiri sitichilingalira. Mudzi sunkasunga moto wake wonse m'nyumba imodzi. Ukadatero, tsiku limene denga la nyumbayo ladontha, kapena mwini wake wadzuka atakwiya, mudzi wonse ukadagona ndi njala. Moto sunkatha m'mudzi chifukwa unkasungidwa m'nyumba zambiri, ndipo ukazima apa, apo unkakhala ukuyaka.

Ndayamba ndi moto chifukwa ndifuna kukamba za funso limene lasautsa anthu ophunzira kwa zaka mazana angapo: kodi nzeru zimene anthu asonkhanitsa zisungidwe kuti, ndipo kiyi wake asunge ndani? Buku limene limayesa kusonkhanitsa pamodzi zonse zodziwika, kuyambira za nyenyezi mpaka za nyerere, limatchedwa insaikulopediya. Kale lidali mulu wa mabuku olemera oti mwana sanganyamule. Lero lili pa intaneti, ndipo limalowa m'thumba la malaya pamodzi ndi foni. Tsono pali anthu ena amene akuti kuika bukuli pa intaneti sikokwanira. Iwo akufuna kuti pakhale ukonde wa mainsaikulopediya ambiri, osungidwa m'malo ambiri, olumikizana, otseguka kwa aliyense, opanda mwini mmodzi woti angatseke chitseko. Ine ndili kumbali yawo, ngakhale kuti, monga muone kutsogoloku, sindigwirizana nawo pa zonse.

Kuti timvetse chimene anthuwa akuopa, tiyeni tiyambe tapita ku Soviet Union. M'chaka cha 1953, Joseph Stalin atamwalira, mkulu wa apolisi achinsinsi a dzikolo, Lavrenti Beria, adagwidwa ndi anzake a m'boma naphedwa. Vuto lidali lakuti insaikulopediya yaikulu ya boma idali itasindikiza kale nkhani yomutamanda, pamodzi ndi chithunzi chake, ndipo mabukuwo adali atafika m'nyumba za anthu ndi m'malaibulale. Osindikiza adatumiza kalata kwa onse amene ankalandira mabukuwo, yowalangiza kuti atenge lumo kapena sizasi, adule masamba a Beria, ndipo amatepo masamba atsopano amene adawatumizira. Masamba atsopanowo adali ndi nkhani zina zoyamba ndi zilembo zomwezo, monga ya nyanja ya Bering. Tangoganizani: munthu wamkulu, wophunzira bwino, wakhala patebulo m'nyumba mwake, lumo lili m'manja, akudula mbiri ya dziko lake yekha. Beria adali munthu wankhanza, ndipo sindimulirira. Chimene chimandiopsa ine ndi kuphweka kwa ntchitoyo. Popeza wolemba adali mmodzi, wosindikiza mmodzi, wolamula mmodzi, kalata imodzi idakwanira kufafaniza munthu m'buku la dziko lonse.

Nthawi zina lumolo limakhala m'manja mwa mnzako amene umadya naye. Ku France, Denis Diderot adatha zaka zoposa 20 akukonza insaikulopediya yotchuka yotchedwa Encyclopédie, imene idayamba kutuluka mu 1751. Mu 1759 boma la mfumu lidalanda chilolezo chosindikizira, ndipo ntchitoyo idapitirira mobisa. Koma bala lopweteka koposa lidachokera m'nyumba momwemo. Mu 1764 Diderot adatulukira kuti wosindikiza wake, André Le Breton, poopa ndende, ankachotsa mwakachetechete ziganizo zimene ankaona kuti zingakwiyitse akuluakulu, ndipo ankachita izi Diderot atawerenga kale masambawo n'kuwavomereza. Zolemba zoyambirira zidali zitawonongedwa, choncho kubwezeramo kudali kosatheka. Apa padalibe msilikali kapena wapolisi. Padali munthu mmodzi wamantha amene zonse zinkadutsa m'manja mwake.

Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zambiri za chipata chimodzi. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, ndipo mabuku mazanamazana adaletsedwa m'zaka zotsatira. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku m'zaka za m'ma 1980, mwini wake natsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Bukulo silidafe, chifukwa lidasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo makope ake adali m'maiko ambiri kumene dzanja la woletsa silinkafika.

Si ndale zokha zimene zimatseka chipata. Pasukulu imene ndidaphunzira padali insaikulopediya ya Chingerezi imene anthu akufuna kwabwino adapereka. Inkakhala m'kabati yagalasi, ndipo kiyi ankasunga aphunzitsi amodzi, munthu wamtima wabwino amene ankaopa kuti tingang'ambe masamba. Iwo akadwala, nzeru zonse za dziko lapansi zinkadwala nawo. Akapita kumaliro, nazonso zinkapita kumaliroko. Limodzi mwa mabukuwo lidasowa ife tisanafike, kotero kuti chilichonse choyamba ndi chilembo cha M tinkangochimva kwa ena, ndipo inu mukudziwa kuti dzina la dziko lathu limayamba ndi chilembo chiti. Sindiwaimba mlandu aphunzitsiwo. Pamene buku lili limodzi, kulitsekera ndi nzeru ndithu. Chimene chidatipweteka ndi kuchepa kwa makope.

Makompyuta atafika, ambiri tidaganiza kuti kabati yagalasi yasweka. Mu 1993 kampani ya Microsoft idatulutsa Encarta, insaikulopediya ya pachimbale, yokhala ndi zithunzi ndi mawu omveka. Mu 2009 kampaniyo idaitseka itaona kuti anthu ayamba kufuna nzeru kwina. Google nayo idayesa yake yotchedwa Knol mu 2008, niitseka mu 2012. Chaka chomwecho Encyclopaedia Britannica, imene idayamba ku Edinburgh mu 1768, idalengeza kuti sisindikizanso mndandanda wake wa mabuku 32, koma izipezeka pa intaneti. Palibe amene adachita choipa apa. Sitolo ikaleka kupindula, mwini wake amatseka. Chomvetsa chisoni n'chakuti zolembedwa mu Encarta zidali katundu wa kampani, ndiye padalibe amene akadaloledwa kuzitola n'kupitiriza ntchitoyo.

Mmodzi mwa amene adaona vutoli msanga ndi Richard Stallman, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wa ku America, amene adayambitsa ntchito ya GNU mu 1983. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 intaneti idali itafala, makamaka chifukwa choti mu 1993 bungwe la CERN ku Geneva lidalola kuti njira ya World Wide Web, imene Tim Berners-Lee adapanga, igwiritsidwe ntchito ndi aliyense kwaulere. Stallman adalemba chikalata choitana anthu kuti amange insaikulopediya yaulere ya dziko lonse, chimene chidafala m'chaka cha 2000. Maganizo ake adali akuti insaikulopediyayo isakhale pamalo amodzi, koma nkhani zake zimwazikane pamakompyuta a anthu ndi masukulu osiyanasiyana. Pasakhale bungwe limodzi lolamula zoti zilowe ndi zoti zisalowe. Ndipo aliyense akhale ndi ufulu wokopera nkhani, woimasulira m'chinenero chake, ndi woikonza. Adaoneratu kuti ntchitoyo idzatenga zaka zambiri, aliyense akuikapo kake pang'onopang'ono, makamaka aphunzitsi.

Zimene zidachitika zidasiyanako ndi maloto akewo. Mu 2000 Jimmy Wales ndi Larry Sanger adayambitsa Nupedia, imene nkhani iliyonse inkayenera kudutsa masitepe 7 m'manja mwa akatswiri isanavomerezedwe. Chaka choyamba chidatha nkhani zovomerezedwa zili zochepa chabe. Pofuna kufulumiza, pa 15 Januwale 2001 adatsegula Wikipedia, pogwiritsa ntchito njira ya wiki imene Ward Cunningham adapanga mu 1995, yolola aliyense kulemba ndi kukonza tsamba pompopompo. Ambiri adaseka, poganiza kuti msika wopanda woyang'anira sungabale buku. Koma mutu umodzi susenza denga. Mu 2025 Wikipedia ya Chingerezi idapitirira nkhani 7 miliyoni, ndipo Wikipedia ilipo m'zinenero zoposa 300.

Tsono apa pali mfundo imene ndifuna muigwire bwino. Wikipedia njotseguka, koma siyomwazikana. Olemba ake ali ponseponse, koma nyumba yake ndi imodzi: makompyuta ake amayendetsedwa ndi bungwe limodzi, la Wikimedia Foundation, limene lidakhazikitsidwa mu 2003 ndipo likulu lake lili ku San Francisco. Pamutu uliwonse, m'chinenero chilichonse, pamakhala nkhani imodzi yokha. Oyendetsa ndi olemba ake ambiri ndi anthu odzipereka, koma mtima wabwino wokha sutetezera buku, monga tidaonera pakabati ija. Chimene chimaisiyanitsa Wikipedia ndi Encarta ndi chilolezo chimene nkhani zake zimalembedwera. Chilolezocho chimalola aliyense kukopera nkhani, ngakhale zonse, kuzisintha ndi kuzifalitsa, malinga atchule amene adazilemba, ndipo nayenso alole ena kuchita chimodzimodzi ndi zakezo. Kunena mwachidule, wopala moto saloledwa kukaniza wina wodzapala kwa iye.

Mphamvu ya chilolezo chimenechi idaoneka msanga. Mu Febuluwale 2002 kudamveka kuti Wikipedia, imene panthawiyo inkayendetsedwa ndi kampani ya Wales yotchedwa Bomis, mwina iyamba kutsatsa malonda pamasamba ake. Olemba ambiri a Wikipedia ya Chisipanishi, motsogozedwa ndi Edgar Enyedy, sadakondwe nazo. Sadapite kukhoti, sadaguba mumsewu. Adangokopera nkhani za Chisipanishi, nakaziika pamakompyuta a yunivesite ya Seville, n'kuyamba insaikulopediya yawo yotchedwa Enciclopedia Libre. Chaka chomwecho Wales adanena kuti Wikipedia siitsatsa malonda, ndipo mpaka lero siitsatsa. Enciclopedia Libre idakula kwa kanthawi, kenaka idatsalira m'mbuyo, Wikipedia ya Chisipanishi niipitirira kutali. Wina angati osamukawo adalephera. Ine ndimaona kuti adagwira ntchito yawo, pakuti mfumu imene ikudziwa kuti anthu ake angathe kusamuka ndi nkhokwe zawo imalankhula mofatsa pabwalo.

Patapita zaka 15, chiyeso chidachokera kunja. Pa 29 Epulo 2017 boma la Turkey lidatseka Wikipedia yonse m'dzikolo chifukwa cha nkhani zochepa zimene zinkanena kuti bomalo linkagwirizana ndi magulu ena ankhondo a ku Syria. Kutseka nkhani zokhazo kudali kosatheka, popeza kuyambira 2015 uthenga wa pakati pa wowerenga ndi Wikipedia umayenda wobisika, moti wolondera panjira amangoona kuti munthu walowa m'nyumba, koma saona chipinda chimene walowa. Motero adatseka nyumba yonse, ndipo idakhala yotseka mpaka Januwale 2020, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo litagamula kuti kutsekako kudaphwanya ufulu wa anthu wolankhula zakukhosi. Kwa zaka pafupifupi zitatu, mwana wa sukulu wa ku Ankara wofuna kuwerenga za kayendedwe ka magazi m'thupi ankayenera kulowera pazenera, chifukwa cha mkangano umene iye sunkamukhudza.

M'masiku oyamba a chiletsocho, akatswiri a njira yotchedwa IPFS adaika kope la Wikipedia ya m'chinenero cha ku Turkey paukonde wawo. Kagwiridwe ntchito ka njirayi nkosangalatsa. Pa intaneti wamba, ukafuna tsamba umatchula keyala ya nyumba imene tsambalo limakhala, ndipo woletsa amangotchinga njira ya kunyumbayo. Pa IPFS umatchula chidindo cha tsambalo, nambala yaitali yowerengeredwa kuchokera ku zolembedwa zake, yofanana ndi chidindo cha chala cha munthu. Ndiye kompyuta iliyonse imene ili ndi kope, kulikonse kumene ili, imatha kukupatsa. Wina akasintha ngakhale chilembo chimodzi, chidindocho chimasinthanso, ndipo chinyengo chimaonekera poyera. Lumo lija silingadule mobisa pamenepa. Koma kope limenelo lidali longowerenga basi. Munthu sakadatha kukonzamo kapena kuwonjezeramo kanthu. Kumwaza zowerenga nkosavuta. Kumwaza ntchito yolemba ndiye chimtolo chimene akatswiri akadalimbana nacho.

Njira ina, imene ndimaikonda chifukwa imafika kumene netiweki sifika, ndi Kiwix, pulogalamu imene Emmanuel Engelhart ndi Renaud Gaudin adayambitsa mu 2007. Imapanikiza Wikipedia yonse mufayilo imodzi yoti ikwane pakakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo munthu amawerenga popanda intaneti, popanda kugula bandulo. Sukulu ya kumudzi yokhala ndi kompyuta imodzi ndi magetsi a dzuwa ingathe kukhala ndi mabuku onse aja, la chilembo cha M lili pomwepo. Ndipo palibe boma kapena kampani imene ingaitane makope onsewo kuti abwerere.

Komabe zonsezi ndi makope a nyumba imodzi. Amene akufuna ukonde weniweni akufuna zoposa apa. Larry Sanger, amene adachoka ku Wikipedia mu 2002 ndipo wakhala akuidzudzula kuti imakondera, adalengeza mu 2019 ntchito yotchedwa Encyclosphere, pansi pa bungwe la Knowledge Standards Foundation. Iye adati mainsaikulopediya alipo kale ambiri, ndipo chosowa ndi muyezo wogwirizana: kasungidwe kamodzi ka nkhani, kosonyeza mutu, wofalitsa ndi chilolezo, kuti nkhani yochokera kulikonse iwerengeke ndi pulogalamu iliyonse, ndi kuti wofufuza mutu aone nkhani za onse pamndandanda umodzi. Ward Cunningham nayenso, mu 2011, adayamba kupanga wiki ya mtundu wina imene wolemba aliyense amakhala ndi malo akeake. Ukakonda tsamba la mnzako umalikopera kwako n'kulikonza, ndipo mnzakoyo angathe kuona zimene wasintha, n'kusankha kuzitenga kapena ayi.

Mawu akuti muyezo angamveke ozizira, koma ndiwo mtima wa nkhaniyi. Agogo athu amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Johannesburg ankaponya kalata kumeneko n'kudzafika ku Ntcheu, ngakhale kuti padalibe positi ofesi imodzi yolamula dziko lonse lapansi. Maiko adangogwirizana, kuyambira pa pangano la ku Bern la 1874, kuti aliyense azinyamula makalata a mnzake. Imelo imayendanso motero: wa Gmail amalembera wa Yahoo popanda chovuta, chifukwa makampani onse amatsata njira imodzi yotumizira. Koma tayesani kutumiza uthenga kuchoka pa WhatsApp kupita pa Telegram, muone ngati ufike. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko kusiyana kwa ukonde ndi mpanda. Omanga ukonde wa nzeru akufuna kuti insaikulopediya iyende monga kalata.

Ndidanena kuti sindigwirizana nawo pa zonse. Moto wopalana womwewo ndi umene umatentha nkhokwe. Ufulu wokopera sufunsa kuti wokoperayo ali ndi cholinga chotani. Mu 2023 Vladimir Medeyko, amene kale adali mtsogoleri wa gulu la Wikimedia ku Russia, adakopera Wikipedia ya Chirasha n'kuyambitsa Ruwiki, imene nkhani zake zidakonzedwa kuti zigwirizane ndi malamulo a boma la Russia, makamaka pa za nkhondo ya ku Ukraine. Chilolezo chimene chidateteza olemba a ku Spain aja ndi chomwecho chidatsegula njira apa. Ndiponso tsamba limodzi lili ndi ubwino wake umene okonda kumwaza amaupeputsa. Nkhani ikakhala imodzi, anthu osiyana maganizo amakakamizika kukumana pabwalo limodzi, kukangana, kuonetsana umboni, mpaka atapeza mawu amene onse angapirire. Aliyense akakhala ndi insaikulopediya yakeyake, mkanganowo umatha, ndipo yense amangowerenga zomukomera. Paja nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Chinanso n'chakuti moto umafuna nkhuni. Kompyuta yosunga nkhani imadya magetsi, imawonongeka, imafuna woiyang'anira. Pa IPFS, tsamba limene palibe akulisunga limasowa ndithu, chidindo chake n'kutsala chikuloza pabe. Nyumba imodzi yaikulu imatha kupempha thandizo kwa anthu a dziko lonse. Timanyumba zikwizikwi timadalira khama la munthu mmodzimmodzi, ndipo anthu amatopa, amasamuka, amamwalira. Owerenga nawonso amakonda kupita kumsika waukulu kumene kuli zonse. Sanger yemweyo adatsegula Citizendium mu 2007, yofuna kuti olemba azitchula mayina awo enieni ndi kuti akatswiri aziyang'anira, koma sidayandikireko kukula kwa Wikipedia.

Nanga bwanji ndikadali kumbali ya ukonde? Chifukwa bodza loikidwa pambali pa nkhani ina limagwidwa, pamene bodza lokhala lokha limasanduka yankho la pamayeso. Wophunzira wa ku Russia amene angathe kutsegula Ruwiki ndi Wikipedia pamodzi, n'kuona ndime imene yachotsedwa, waphunzira zambiri kuposa amene adangowerenga imodzi. Tsiku limene ine ndimaopa ndi limene imodzi idzalamulidwe kukhala yokhayo. Ndipo tsikulo lingabwere popanda lamulo lililonse. Masiku ano ambiri mwa inu mumafunsa mapulogalamu a AI, amene amayankha ngati munthu, ndi mawu osalala, ndipo kawirikawiri simufunsa kuti yankholo lachokera kuti. Mapulogalamuwa adaphunzira zambiri kuchokera ku Wikipedia ndi zolembedwa zina za pa intaneti, koma akamayankha simuona mkangano umene udabala chiganizocho, kapena tsiku limene chidasinthidwa. Kuti munthu ayese yankho lotere, pafunika pakhale nkhani zina zoima pazokha, zokhala ndi dzina la wofalitsa, zoti angatsegule n'kuyerekeza.

Tsopano tibwere kwathu. Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma nkhani zake sizinafike 2,000, ndipo zambiri nzazifupi, pamene chinenerochi chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Ukonde sungagawe chimene kulibe. M'nyumba mopanda moto simupalidwa kanthu. Ndipo tikakhala chete, ena adzatilembera. Mu 2020 zidadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za Wikipedia ya chinenero cha Scots, cha ku Scotland, zidalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene sankachidziwa bwino chinenerocho. Ankangotenga ziganizo za Chingerezi n'kusintha kalembedwe ka mawu ena. Adali ndi cholinga chabwino, koma kwa zaka zambiri padalibe eni chinenero okwanira oti amuwongolere. Lero, pamene makina amamasulira nkhani m'kamphindi, ngozi yomweyo ili pakhomo pathu, ndipo mwana wa mawa angadzayese kuti Chichewa cha makinacho ndicho chenicheni.

Pali chifukwa chinanso chimene ukonde ungatikomere ife kuposa anzathu a ku Ulaya. Wikipedia imafuna kuti mfundo zake zikhale ndi umboni wa buku, nyuzipepala kapena cholembedwa china chofalitsidwa. Lamuloli nlabwino, ndipo limatchinga mabodza ambiri. Koma zambiri zimene makolo athu amadziwa, monga mayina a mitundu ya bowa, kaumbidwe ka mbiya, kapena mbiri ya maufumu ang'onoang'ono, sizidalowepo m'buku. M'nyumba imodzi ya lamulo limodzi, nzeru zoterezi zimatsalira pakhonde. Muukonde, Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, kapena malo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua, kapena ngakhale sukulu yanu, angathe kukhala ndi insaikulopediya yawoyawo ya malamulo awo omveka, monga kuvomereza umboni wa agogo wojambulidwa mawu, wotchulidwa tsiku ndi mudzi. Wowerenga angaone dzina la wofalitsa n'kudziweruzira yekha. Eni nzeru nawonso angadziikire malire, pakuti si moto wonse umene umapalidwa. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo sindikhulupirira kuti kutseguka kumatanthauza kuyala chilichonse pamsika.

Ndikamaganiza za nkhani imene ndingakonde kuiwerenga m'Chichewa, ndimaganiza za nyanja ya Chilwa. Ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso kwakukulu mu 2018. Akatswiri alemba zambiri za nyanjayi m'Chingerezi. Koma msodzi wa pa Kachulu akudziwa kumene matemba ndi milamba zimabisala madzi akaphwa, ndi momwe anthu adayendera pansi kukafika kuchilumba cha Chisi, podutsa pamene kale ankaponya maukonde. Wophunzira wa Fomu 4 wa kumeneko angathe kukhala pansi ndi agogo ake, kulemba zimenezi, kuikapo dzina lake ndi tsiku, n'kupereka chilolezo choti aliyense akopere. Wina wa pa Chisi angawerenge n'kutsutsa kuti chaka choipitsitsa sichidali chimenecho, n'kulemba yake. Wa kutsidya la ku Mozambique angalembe yachitatu, yokhala ndi mayina ena a nsomba zomwezo. Ine ndingaziwerenge zonse zitatu, ndipo ndingayambe ndi ya pa Chisi, chifukwa iwo ndiwo adaona madzi akuchoka mbali zonse.